Kukonzekera intavyu ya ntchito ya animator ku kampani yopanga magemu muli ku Mangochi

Makampani opanga magemu amene angakulembeni ntchito ya animator, yopanga mayendedwe a anthu ndi zinyama za mu gemu, ali kutali ndi Mangochi. Ku Cape Town kuli Free Lives, ku Johannesburg kuli Nyamakop ndi 24 Bit Games, ku Lagos kuli Maliyo Games, ku Nairobi kuli Usiku Games, ku Yaoundé kuli Kiro'o Games, ndipo ambiri ali ku Ulaya ndi ku Canada. Choncho intavyu yanu idzachitikira pa Zoom, Google Meet kapena Teams, inu muli m'chipinda mwanu kwa Mpondasi kapena ku Makawa. Okufunsaniwo adzayamba aona ntchito yanu asanafunse za satifiketi, ndipo poionapo adzakhala ndi funso limodzi mumtima: kodi character (munthu kapena chinyama cha mu gemu) amene mwamuyendetsayo akumvera chala cha wosewera? Wosewera akadina batani lodumphira, amafuna kudumpha nthawi yomweyo. Zonse zili m'munsimu zikutsamira pa funso limeneli.

Choyamba, dziwani animator amene akumufuna

Werengani chilengezo cha ntchito kawiri, cholembera chili m'manja. Gameplay animator amapanga mayendedwe amene wosewera amawalamula: kuima, kuyenda, kuthamanga, kudumpha, kumenya, kugwa. Cinematic animator amapanga zigawo za nkhani zimene wosewera amangoonera, ndipo ntchito yake imayandikana ndi ya filimu. Technical animator amamanga rig (mafupa ndi zogwirira zoyendetsera character), amalemba tizida m'chilankhulo cha pakompyuta cha Python, ndipo amalumikiza animation ku engine (pulogalamu imene gemu imamangidwiramo). Mukatumiza reel (kavidiyo koonetsa ntchito zanu) ya nkhope zolankhula ku ntchito ya gameplay, sadzakuitanani, ngakhale ntchitoyo ikhale yokongola chotani.

Onaninso pulogalamu imene atchula. Makampani aakulu ambiri amagwiritsa ntchito Maya ya Autodesk, ang'onoang'ono ambiri amalola Blender, ndipo magemu a 2D a pafoni nthawi zambiri amafuna Spine. Ngati munaphunzirira pa Blender koma iwo alemba Maya, musabwerere m'mbuyo. Maya ili ndi trial ya masiku 30. Itengeni pamene mwatsala pang'ono kufunsira ntchito, muphunzire graph editor yake (pomwe mumakonzera mizere ya mayendedwe), constraints (zomangirira chinthu ku chinzake) ndi katumizidwe ka FBX (mtundu wa fayilo yopititsira animation ku engine), kuti mukafunsidwa muyankhe zimene mwagwirapo ndi manja.

Kenako sewerani gemu yawo. Ngati laputopu yanu singaikwanitse, onerani ena akusewera pa YouTube. Vidiyo ikaimitsidwa pakompyuta, batani la koma limabweza fremu imodzi (chithunzi chimodzi cha vidiyo) ndipo la fulusitopu limapititsa fremu imodzi kutsogolo. Werengani kuti nkhonya ya character wawo imatenga mafremu angati kuchokera poyambira kufika pomwe yagunda, ndipo lembani. Nambala imeneyi mudzaifuna pa intavyu.

Chachiwiri, konzani reel

Reel ikhale ya masekondi 60 mpaka 90. Ntchito yabwino kuposa zonse ikhale koyambirira, chifukwa woona ali ndi ma reel ambiri ndipo akhoza kutseka masekondi 15 asanathe. Dzina lanu ndi imelo zionekere masekondi awiri poyamba ndi pomaliza, basi. Ngati muli ndi zidutswa zinayi zabwino ndi ziwiri zapakatikati, chotsani ziwirizo. Woona amakuyezani ndi chidutswa chofooka, poganiza kuti inuyo simunaone kuti ndi chofooka.

Pa ntchito ya gameplay, character mmodzi akhale ndi gulu lathunthu: idle (kuima), walk (kuyenda), run (kuthamanga), kudumpha kogawidwa patatu, kunyamuka, kukhala m'malere ndi kutera, kenako kumenya kotsatizana kawiri kapena katatu, kulandira nkhonya, ndi kufa. Onjezani cholengedwa chimodzi cha miyendo inayi ndi chidutswa chimodzi choonetsa kulemera, monga kunyamula kapena kukoka chinthu.

Apa ndi pamene wa ku Mangochi ali ndi chuma chimene anzake a kunja alibe. Ma reel ambiri ndi odzaza ndi asilikali a malupanga ofanana okhaokha. Pitani kunyanja m'mamawa, mupemphe chilolezo, mujambule asodzi akukoka khoka: thupi limapendekera m'mbuyo, zidendene zimalowa mumchenga, chiuno chimayamba kuyenda mapewa n'kutsatira. Jambulani wopalasa bwato, muone mmene nkhafi imachedwera m'madzi n'kufulumira ikatuluka. Wakabaza akukwera mlatho wa Bakili Muluzi atanyamula munthu amaimirira pa mapedulo, njinga n'kumagwedezekera mbali yosiyana ndi thupi lake. Mayi wosenza ndowa yodzaza amayenda mutu uli bata, kugwedezeka konse kukuthera m'chiuno ndi m'mawondo. Ovina beni amakupatsani kuguba kwa asilikali kosakanizika ndi kunyada. Jambulani pa 60 fps (mafremu 60 pa sekondi) ngati foni ikulola, foni itakhazikika pa chinthu cholimba, thupi lonse likuoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kamodzi cham'mbali kamodzi chakutsogolo. Mu reel ikani kavidiyo kamene munajambulako, kotchedwa reference, pakona kwa kanthawi, kuti aone kuti mumaphunzira kuchokera ku thupi lenileni.

Cycle iliyonse (mayendedwe obwerezabwereza monga walk) ionetsedwe katatu kapena kanayi, kuchokera kumbali, kutsogolo, ndi kumbuyo pamene kamera ya gemu imakhala. Mbali ya kumbuyoyi ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene wosewera amaiona maola onse. Pa filimu mukhoza kubisa mkono wolowa m'thupi chifukwa kamera ndi imodzi. Mu gemu wosewera amazunguliza kamera mmene akufunira, ndipo chinyengo chilichonse chimaonekera.

Pansi pa chidutswa chilichonse lembani zimene munachita inuyo, pulogalamu, ndi mwini rig. Ngati munagwiritsa ntchito animation ya Mixamo (webusaiti ya ma animation opangidwa kale) kapena mocap (mayendedwe ojambulidwa pa munthu weniweni) yopezeka pa intaneti n'kuikonza, nenani choncho. Ma lead animator, otsogolera gulu la ma animator, amaidziwa walk ya Mixamo ngati nkhope ya m'bale wawo, ndipo akakugwirani mukuitcha yanu intavyu yathera pomwepo. Tulutsani reel ngati MP4 ya H.264 pa 1080p, muike nambala ya fremu pakona, muikweze pa Vimeo, YouTube kapena ArtStation, ndipo linki itseguke popanda pasiwedi. Iyeseni pa foni ya mnzanu musanaitumize.

Chachitatu, lowetsani ntchito yanu mu engine

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa oitanidwa ndi osaitanidwa, choncho lipatseni sabata ziwiri kapena zitatu. Unity, Unreal Engine ndi Godot zonse mukhoza kuyamba nazo kwaulere. Unreal ndi yolemera, imadya bandulo yambiri potsitsa ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Ngati laputopu ndi yofooka yambani ndi Unity kapena Godot. Cholinga ndi chakuti character wanu ayende ndi padi (chowongolera gemu cha m'manja) kapena kiyibodi, mujambule sikirini masekondi 15, muike mu reel.

Zovuta zimene mudzakumane nazo ndi zomwezo zimene adzakufunseni, choncho zimvetseni chifukwa chake.

Character akalowa mu engine ali wamkulu kapena wamng'ono ka 100, vuto ndi muyeso. Blender ndi Unity zimawerenga mamita, pamene Unreal ndi Maya zimayambira pa masentimita. Akalowa atagona chagada, vuto ndi axis: mu Blender ndi Unreal kumwamba ndi Z, mu Maya ndi Unity kumwamba ndi Y. Konzani zimenezi pa zosankha za FBX, osati potembenuza rig imene ili kale ndi ma key (ma pose, kapena kuti kaimidwe ka thupi, osungidwa pa mafremu). Mu Blender zimitsaninso Add Leaf Bones, apo ayi mafupa owonjezera adzamera kumapeto kwa zala ndi mutu, ndipo skeleton sidzafanana ndi ya kampani. Engine sidziwa ma constraint ndi ma control anu a IK (njira yoyendetsa mkono kapena mwendo pokoka dzanja kapena phazi), imangodziwa mafupa, n'chifukwa chake animation iyenera kupangidwa bake (kulemba mayendedwe onse pa mafupawo) potuluka.

Mapazi akamatsetsereka ngati munthu woyenda pamatope, liwiro la animation ndi liwiro la engine sizikugwirizana. Werengerani motere. Ngati walk yanu ndi ya mafremu 30 pa 30 fps, ndiye kuti ndi sekondi imodzi. Ngati m'mapazi awiriwo character amayenda masentimita 150, liwiro lake ndi masentimita 150 pa sekondi. Character Movement ya Unreal imabwera ndi Max Walk Speed ya 600, kutanthauza kuti thupi likuthamanga kanayi kuposa miyendo. Mukhoza kutsitsa nambalayo, kapena kugwiritsa ntchito root motion, pamene fupa la root ndi limene limayendetsa character. Dziwani kusiyana kwake. Animation ya in-place, imene character amayenda osachoka pamalo, imasiya liwiro m'manja mwa programmer, ndipo character amamvera msanga. Root motion imapangitsa mapazi kugwira pansi bwino ndipo imathandiza pa kumenya kolumpha kutsogolo kapena kukwera khoma, koma designer (wokonza kaseweredwe ka gemu) akafuna kusintha mtunda amayenera kubwerera kwa inu.

Cycle ikamagwedezeka pobwerera koyambira, onani zinthu ziwiri. Pose yoyamba ndi yomaliza ziyenera kufanana ndendende, ndipo ma tangent (kapendekedwe ka mizere pa key) a mu graph editor ayenera kupitirira bwino kudutsa malirewo. Mu FBX ya engine siyanimo fremu yomaliza yofananayo, chifukwa engine imawerenga nthawi ya pakati pa key yoyamba ndi yomaliza. Mu playblast (kavidiyo ka animation kotulutsidwa mwachangu) ya reel ichotseni, apo ayi pose imodzi idzaoneka kawiri ndipo character adzakhala ngati akukayika pa sitepe iliyonse. Mkono ukamazungulira modabwitsa pakati pa ma key awiri, ndi gimbal lock, pamene ma axis awiri a rotation agona pamodzi. Yesani Euler filter kapena sinthani rotation order musanayambe kuika key pa fremu iliyonse.

Pomaliza mangani blend (kusakaniza) ya idle, walk ndi run, Blend Tree mu Unity kapena Blend Space mu Unreal. Walk ndi run ziyambe ndi phazi limodzimodzi, mwachitsanzo lamanzere likugunda pansi pa fremu yoyamba. Zikasemphana, miyendo idzapiringizana pakati pa blend.

Chachinayi, art test

Reel ikawasangalatsa, makampani ambiri amatumiza rig ndi malangizo, n'kukupatsani masiku angapo. Mwina adzakusainitsani NDA, mgwirizano wosunga chinsinsi. Zikatero musaike ntchitoyo pa Facebook kapena mu reel popanda chilolezo cholembedwa.

Tsiku loyamba musayendetse kanthu. Tsegulani rig, muyese control iliyonse, muwerenge malangizo, ndipo mutumize mafunso onse mu imelo imodzi: ndi 30 fps kapena 60, in-place kapena root motion, kamera ili kuti, character ndi wosewera kapena mdani, mafayilo atchulidwe motani. Funso la wosewera kapena mdani ndi lalikulu. Nkhonya ya wosewera imafuna anticipation (kukonzekera kwa thupi lisanamenye) yaifupi kwambiri, mafremu ochepa chabe, chifukwa pa 30 fps fremu iliyonse ndi mamilisekondi 33 ndipo mafremu 10 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, nthawi yokwanira kuti wosewera amve ngati padi yafa. Kulemera kumene mwataya koyambirira mumakubwezera kumapeto: pose yolimba pogunda, follow through (kupitirira kwa thupi litagunda) yaitali, ndi kubwerera ku idle pang'onopang'ono. Nkhonya ya mdani ndi yosiyana. Anticipation yake iyenera kukhala yaitali ndi yooneka bwino, kuti wosewera aione ikubwera azembe.

Malangizo akati mafremu 40, musapereke 55 chifukwa choti ikuoneka bwino. Akuyesa ngati mungagwire ntchito m'malire. Yambani ndi blocking ya stepped (ma pose akuluakulu okha, osalumikizidwa), muonetsetse kuti pose iliyonse ikumveka ngakhale character atadetsedwa kukhala chithunzithunzi chakuda, kenako spline (kulumikiza ma pose mosalala), kenako polish (kukonza zing'onozing'ono). Tumizani kutatsala tsiku lathunthu, chifukwa netiweki ikhoza kukukanikani pa ola lomaliza, ndipo lembani mizere itatu kapena inayi yofotokoza zimene munasankha ndi zimene mukanakonza mukanakhala ndi nthawi. Test yofuna ma animation khumi ndi awiri omalizidwa kwaulere si test, ndi ntchito, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati ili ndi malipiro.

Chachisanu, konzani tsikulo

Yambani ndi nthawi. Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku Johannesburg ndi Cape Town chaka chonse. Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi, Lagos ili m'mbuyo ndi ola limodzi. London ili m'mbuyo ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala imakhala m'mbuyo ndi ola limodzi lokha. Montreal ili m'mbuyo ndi maola 7, kapena 6 m'nyengo yawo yotentha. Poyankha imelo lembani nthawi zonse ziwiri, yawo ndi ya kuno (CAT), kuti cholakwika chioneke msanga. Ngati mumaswali Lachisanu masana, kapena nyumba yanu yayandikana ndi mzikiti kapena tchalitchi chokhala ndi zokuzira mawu, pemphani ola lina poyambirira pomwe. Kusankha nthawi ndi chinthu chachizolowezi kwa iwo.

Ola limodzi la vidiyo ya 720p likhoza kudya pafupifupi 1 GB, choncho gulani 3 GB pa laini imodzi ndi 2 GB pa ina, Airtel ndi TNM, mafoni onse awiri okonzeka kupereka hotspot. Dzulo lake, pa ola lomwelo, imbirani mnzanu pa vidiyo muli pampando womwewo, muone laini imene ikugwira bwino. Zimitsani ma update a Windows ndi Google Drive. Laputopu, mafoni ndi pawabanki zikhale zodzaza, ndipo ganizani ngati kuti magetsi azima. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kumachititsa laputopu kuchepetsa liwiro lake yokha, ndiye iikeni patebulo, kumbuyo kwake kutakwezedwa ndi kabuku kuti mpweya uzidutsa, osati pabedi, ndipo tsekani Blender ndi engine kufikira atazifuna. Khalani moyang'ana windo, osati molifulatira. Valani mahedifoni okhala ndi maiki, ndipo fani isapemerere pa maikiyo. Uzani apanyumba nthawi yoyamba ndi yomaliza.

Musadalire kuonetsa reel pogawana sikirini. Vidiyo ya pa Zoom imataya mafremu, ndipo animation yosalala imaoneka yodumphadumpha. Atumizireni linki kusanache kuti aonere kwawo. Webusaiti ya SyncSketch imathandiza kwambiri, chifukwa nonse mukhoza kuyenda fremu ndi fremu ndi kujambula pamwamba pa chithunzi. Netiweki ikadula, lowaninso, pepesani ndi chiganizo chimodzi, mupitirize pamene munalekezera. Ikafooka, zimitsani kamera musunge mawu.

Chachisanu ndi chimodzi, mafunso enieniwo

Nthawi zambiri pamakhala magawo awiri kapena atatu: recruiter, amene amafunsa za nthawi yoyambira, malipiro ndi Chingerezi chanu, lead animator, amene amalowa mu reel, kenako gulu lokhala ndi designer ndi programmer.

Lead akaimitsa reel n'kunena kuti mufotokoze chidutswa ichi, tsatani njira imene munadutsa: cholinga, reference, blocking, vuto limene munakumana nalo, ndi mmene munalithetsera. Tchulani manambala. Kunena kuti munachepetsa anticipation kuchoka pa mafremu 8 kufika pa 3 mutayesa mu engine n'kuona kuti kudumpha kukuchedwa kumalemera kuposa kunena kuti mumakonda animation kuyambira muli mwana. Mfundo 12 za animation zimene Frank Thomas ndi Ollie Johnston a ku Disney anazilemba mu 1981 muzidziwe, koma sadzakupemphani kuzilakatula. Adzafunsa kuti ndi iti imene imavuta mu gemu, ndipo yankho labwino limakhudza anticipation ndi staging (kuonetsa chochitika momveka bwino kwa woonera), popeza nthawi ndi kamera zili m'manja mwa wosewera. Yembekezeraninso kufunsidwa nthawi yogwiritsa ntchito IK ndi FK (kuzunguliza mafupa limodzilimodzi): IK pamene dzanja kapena phazi lagwira chinthu chosasuntha, FK pamene mkono ukugwedezeka momasuka ndipo mukufuna ma arc oyera.

Kenako adzakudzudzulani dala. Akhoza kunena kuti chiuno pa fremu 14 chilibe kulemera. Kuno tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula timayang'ana pansi n'kuvomera, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma pa intavyu iyi kungoti inde pa chilichonse kumaoneka ngati simunamvetse. Kukana chilichonse n'koipa koposa. Bwerezani zimene anena m'mawu anuanu, funsani ngati akutanthauza kuti chiuno chitsike kwambiri kapena chichedwe kukwera, nenani mmene mungakonzere. Ngati munali ndi chifukwa, chineneni kamodzi modekha, n'kuvomera kuyesa njira yawo. Atchuleni ndi dzina loyamba monga adzitchulira okha, ndipo polankhula yang'anani kamera.

Designer akhoza kufunsa kuti mungatani atakuuzani kuti nkhonya ya mafremu 30 ikhale 18. Musayankhe kuti mudzangoifinya yonse, chifukwa kutero kumapha kulemera. Nenani kuti mudzafunsa kaye chimene chikuchedwa, kugunda kapena kubwerera, kenako mudzadula anticipation, musunge pose yogunda, ndi kupempha programmer kuti wosewera athe kudula recovery (kubwerera kwa thupi) akadina batani lina. Akafunsa chimene mungasinthe mu gemu yawo, tulutsani manambala munalemba aja, mutchule chinthu chimodzi chimene munachikonda ndi chimodzi chaching'ono chimene mungayese. Chimene simukuchidziwa, monga pulogalamu ya MotionBuilder kapena kuyeretsa mocap, vomerani kuti simunachigwirepo, mutchule chofanana nacho chimene munachita.

Yesezani mayankho amenewa mokweza m'Chingerezi, mukudzijambula pa foni, katatu kapena kanayi. Si kalankhulidwe ka ku London kamene akufuna, akufuna kukumvani, ndiye lankhulani pang'onopang'ono. Inunso khalani ndi mafunso: ndani amalowetsa animation mu engine, ntchito imaunikidwa kangati pa sabata, ndi maola angati amene muyenera kukhala pa intaneti limodzi ndi gulu.

Chomaliza, malipiro ndi mgwirizano

Funsani ngati mudzakhala wolembedwa ntchito kapena contractor. Ogwira ntchito ali kunja kwa dziko la kampani nthawi zambiri amakhala ma contractor, kutanthauza kuti msonkho wa ku MRA, bandulo, magetsi ndi kukonza laputopu ndi zanu, ndipo mtengo umene mutchule uziphatikize. Funsani ndalama yake, dola, yuro kapena randi, tsiku lolipira, ndi njira yotumizira. Musanasaine, pitani kubanki yanu mukafunse ngati njirayo imafika ku Malawi, ndalama zimene amadula, ndi zofunika potsegula akaunti ya ndalama zakunja. Funsaninso amene adzalipire laisensi ya Maya kapena Spine.

Chenjerani ndi akuba ovala dzina la kampani yodziwika. Kampani yeniyeni sikuuzani kuti mutumize ndalama ya zipangizo kapena ya maphunziro, siichititsa intavyu yonse polemberana pa Telegram kapena WhatsApp osaonana nkhope, ndipo imelo yake imathera ndi dzina la webusaiti yake, osati Gmail. Onani ngati ntchitoyo ilipodi pa tsamba la kampaniyo.

Pasanathe maola 24 intavyu itatha, tumizani imelo yaifupi yothokoza. Ngati lead anatchula chiuno cha pa fremu 14 chija, chikonzeni usiku womwewo muike linki ya playblast yatsopano mu imeloyo. Pakadutsa sabata ziwiri osamva kanthu, funsani kamodzi. Akakukanani, pemphani kuti akuuzeni chinthu chimodzi choti mukonze mu reel, ndipo funsani kuti mungadzafunsirenso pakatha miyezi ingati.